Alangizi a CAMFED pa sukulu zakumudzi: amasunga mwana pa sukulu, koma njira ya ku yunivesite ikufuna zambiri

Pa ntchito zonse za CAMFED, bungwe lothandiza atsikana pa maphunziro, imene kholo kapena mphunzitsi wakumudzi amaiona ndi maso ake sabata ndi sabata ndi ya atsikana otchedwa ma Learner Guide. Muno tiziwatchula kuti alangizi. Mlangizi ndi mtsikana amene anamaliza sekondale, nthawi zambiri mothandizidwa ndi bungwe lomweli, n'kubwerera pa sukulu ya m'dera la kwawo kukayang'anira azing'ono ake. Salandira malipiro. Amalonjeza kutumikira miyezi 18, ndipo sabata iliyonse amakhala ndi nthawi yake yolowa m'kalasi. Ntchitoyi tikuiyeza pa zinthu ziwiri: ngati imamufikitsa mwana wa pa CDSS ku koleji kapena ku yunivesite, komanso ngati mlangiziyo amatuluka ali munthu woti akayankhula pa zochitika za m'dera anthu n'kutchera khutu. Pa kusunga mtsikana mpaka alembe MSCE, njirayi ndi yamphamvu ndithu. Pa kumuolotsa kuchoka pa MSCE kukalowa pa geti la yunivesite, zimadalira kwambiri mlangizi amene mwamupeza, chifukwa zimene zimagwetsa ana pamenepo sizili m'buku limene iye amaphunzitsa.

Bungweli linayamba mu 1993. Mayi Ann Cotton a ku Britain anali atapita ku Mola, m'boma la Nyaminyami ku Zimbabwe, komwe anapeza kuti makolo sankadana ndi maphunziro a mwana wamkazi ayi, koma ndalama zikachepa ankasankha mnyamata poganiza kuti ndiye adzapeze ntchito msanga. Anayamba ndi atsikana 32. Chimene chinalipatsa bungweli nkhope imene lili nayo lero chinachitika mu 1998, pamene atsikana oyamba 400 omaliza sukulu anakhazikitsa gulu lawolawo lotchedwa CAMA. Mmodzi mwa amene analitsogolera akadali achitsikana ndi a Angeline Murimirwa, amene mu 2023 anakhala mkulu wa bungwe lonse. Anzawo a Fiona Mavhinga anadzakhala loya. Ku Zambia ntchito inayamba mu 2001, kuno ku Malawi mu 2009, ndipo mamembala a CAMA m'mayiko asanu (Zimbabwe, Ghana, Zambia, Tanzania ndi Malawi) anadutsa kale 250,000. Ndondomeko ya alangizi inayambira ku Zimbabwe ndi ku Tanzania mu 2013.

Kholo lidziwiretu kuti thandizo la CAMFED silofunsira ndi kalata. Bungweli limagwira ntchito m'maboma ena, osati onse 28, ndipo ngakhale m'maboma amenewo lili ndi sukulu zake zimene linagwirizana nazo. Mayina a ana oti alandire basale amachokera ku komiti ya pasukulu, n'kupita ku komiti ya paboma momwe mumakhala a zamaphunziro, a zachisamaliro cha anthu, apolisi, azaumoyo, mafumu ndi mamembala a CAMA. Pa sukulu iliyonse pamakhalanso mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa mwapadera kuyang'anira umoyo wa ana, amene amamutcha Teacher Mentor. Basale simangokhala fizi. Mumakhala yunifolomu, nsapato, makope, zolembera ndi mapadi, ndipo kwa ochokera kutali pena pamakhala njinga kapena malo ogonera. Imeneyi ndi nzeru, chifukwa ngakhale boma linachotsa fizi ya tuishoni m'sekondale mu 2018, mtsikana wopanda siketi yachiwiri ndi mapadi amajombabe masiku angapo mwezi uliwonse.

Ubwino wosankha kudzera m'makomiti ndi woti anansi ndiwo amadziwa khomo limene moto suyaka madzulo. Choipa chake n'chodziwikanso: komiti iliyonse yogawa zinthu imakopeka kuika abale. Sukulu zimene zimachita bwino zimawerenga mayina pa msonkhano wa makolo, ndipo anthu awiri osachokera m'mudzi wa mwanayo amakaona kwawo dzina lisanatumizidwe. Kumene izi sizichitika, kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti mayina anasankhidwa bwanji, ndipo lifunse. Anyamata nawo amve bwino: maphunziro a mlangizi ndi a kalasi yonse, koma basale kwenikweni ndi ya atsikana.

Buku limene mlangizi amagwiritsa ntchito limatchedwa My Better World, ndipo linakonzedwa mothandizana ndi kampani ya Pearson pamodzi ndi achinyamata eni ake. Silibwera pa mayeso. Limakamba za kudzidziwa, kukhazikitsa cholinga, kuthana ndi mantha ndi mkwiyo, umoyo, ufulu wa mwana ndi kukhala bwino ndi anzako. Phunziro likamayenda bwino limaoneka chonchi: mlangizi amagawa ana m'magulu a anthu 6 mpaka 8, gulu lililonse buku limodzi pakati, mitu itagundana pa desiki. Mmodzi amawerenga kankhani kakafupi ka mwana amene wakumana ndi vuto, tinene kuti amalume akumukakamiza kusiya sukulu. Mlangizi salalikira. Amayenda pakati pa madesiki, akufunsa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka kuti inu mukanatani, kenaka gulu lililonse limaimitsa munthu woti afotokoze, makamaka uja amene sakweza mkono pa phunziro la Masamu. Mphindi 40 zikamatha, mtsikana amene chiyambire Fomu 1 sanayankhulepo pamaso pa kalasi amakhala wayankhula. Aphunzitsi ena amaona ngati n'kutaya nthawi, koma mwana amene waphunzira kufunsa pano ndi yemweyo amene mawa adzauze mphunzitsi wa Bayoloje kuti sanamve.

Zimaonongekera pa ndandanda ya nthawi. Ahedi ambiri amaika phunziroli kumapeto, maphunziro ena onse atatha. Pa sukulu yoyendera, nthawi imeneyo njala yawawa, ena ali ndi ulendo wa makilomita angapo, ndipo theka la kalasi limazemba, kuyambira omwe aja amene phunziroli linawakonzera. Mayeso akayandikira, mphunzitsi amene watsalira pa silabasi amalanda nthawiyo. Vuto lina ndi la msinkhu: mlangizi wa zaka 20 akaima pamaso pa anyamata a Fomu 3 amene ena ndi akulu kumuposa, amamuderera. Akachita mantha amayamba kungowerenga buku mokweza n'kumalembetsa manotsi, basi phunziro lafa. Mankhwala ake si ovuta. Nthawi ya mlangizi ilembedwe pa ndandanda yeniyeni, bwino isanakwane nthawi yopuma. Ahedi amuonetse okha pa asembule monga amaonetsera mphunzitsi watsopano. Teacher Mentor azikhala kumbuyo kwa kalasi masabata oyambirira, osayankhula, kungoti ana aone kuti sukulu ili pambuyo pake.

Akatswiri a REAL Centre ya pa yunivesite ya Cambridge anafufuza ntchito ya CAMFED m'sekondale za ku Tanzania, ndipo anapeza kuti atsikana othandizidwa ankasiya sukulu mocheperapo komanso kuti ana a m'sukuluzo, anyamata omwe, anakwera pa Chingerezi. Umboni umenewu ndi wa ku Tanzania, ndipo ndi wa ndondomeko yonse pamodzi, basale, mabuku ndi alangizi, osati mlangizi payekha.

Kumene mlangizi amaposa wina aliyense ndi kunja kwa kalasi. Mphunzitsi wa pa CDSS nthawi zambiri ndi wobwera, ndipo ali ndi makalasi ambiri. Kaundula akaonetsa kuti mwana wajomba, iye amangolemba. Mlangizi amadziwa kuti mwanayo ndi wa kwa ayani, njira yake ndi iti, ndiponso kuti mayi ake ali ku chipatala kapena bambo anapita ku Joni. Alangizi odziwa ntchito sadikira sabata ziwiri. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana amayamba afunsa anzake a pa desiki, chifukwa iwo amadziwa zoona akulu asanamve. Kenaka amauza Teacher Mentor, n'kutengana ndi mayi mmodzi wa mother group kupita ku khomoko. Kupita yekha n'kulakwitsa. Mtsikana wosakwatiwa akalowa pa khomo la eni n'kuyamba kufunsa za mwana wawo, amamuona ngati wamwano, koma akakhala ndi mayi wachikulire amayalilidwa mphasa, moni n'kuyenda, nkhani n'kuyamba bwino. Pa ulendo woyamba safunika kutchula lamulo. Afunse chavuta n'chiyani, chifukwa kawirikawiri chimakhala chinthu choti chingatheke: ganyu ya nyengo yolima, nsapato zong'ambika, ngongole ya kusukulu, kudwazika matenda.

Nkhani ikakhala ya mimba kapena ukwati, mlangizi ayenera kudziwa malire ake. Lamulo lili kumbali yake. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja, kutsatira lamulo la maukwati la mu 2015, ndipo kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu. Koma kudziwa lamulo sikuteteza mtsikana wa zaka 20 amene akukhala m'mudzi womwewo ndi mwamuna amene wamunenera. Nkhani zotere azipereke kwa amfumu, kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Wolakwa akakhala mphunzitsi wa pa sukulu pomwepo, nkhani isathere mu ofesi ya ahedi. Ifike ku komiti ya paboma. Apa ndi pamene kukhala ndi apolisi ndi mafumu m'komiti imodzi kumaonetsa phindu lake. Kumene komitiyo imagona, mlangizi amasenza katundu woposa msinkhu wake, ndipo ena amangosankha kukhala chete. Sitingawadzudzule.

Nanga iye amapindula chiyani? Ndondomekoyi inakonzedwa ndi mphotho ziwiri. Yoyamba ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja yochokera ku bungwe lobwereketsa ndalama la Kiva, yoti ayambire kapena kukulitsa bizinesi. Amabweza ndalama imene anatenga, ndipo ntchito yake pa sukulu ndiyo imawerengedwa ngati chiwongoladzanja. Yachiwiri ndi setifiketi ya BTEC Level 3 ya Pearson, imene amaipeza akasonkhanitsa umboni wa ntchito yake n'kuyesedwa. Wofuna kudzipereka afunsiretu ku ofesi ya bungweli ya m'boma lake zimene zilipo chaka chimenecho, ndipo asaganize kuti BTEC ilowa m'malo mwa makirediti a MSCE pofunsira malo ku yunivesite za boma. Ngongole nayo si malipiro. Imathandiza amene geni yake yayenda, koma amene wagula tomato mvula n'kuononga msewu amatsala ndi ngongole komanso kalasi yomudikira Lachitatu. Ife tikuona kuti ili ndi bala lenileni la ndondomekoyi: ntchito yolemera chonchi yatsamira pa atsikana amene nawonso ndi osauka. N'chifukwa chake ena amachoka miyezi 18 isanakwane akapeza ntchito m'tauni kapena banja, ndipo sukulu imayambanso pachiyambi. Kakope kolembamo ana amene akutsatiridwa, kosungidwa ndi Teacher Mentor, kamapulumutsa zambiri mlangizi akasintha.

Tsopano za ku yunivesite, zimene ndiye zatikhalitsa pansi.

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS amene anapatuka ku University of Malawi mu 2021, LUANAR, MZUNI ndi MUST ku Thyolo. Omaliza kumene MSCE amafunsira malo pa fomu imodzi kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo kuyambira mu 2020 kusankha motsata maboma kunathetsedwa. Khomo lolowera ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Taonani mtsikana amene wapeza 2 pa Zaulimi, 2 pa Chichewa, 3 pa Bayoloje, 3 pa Jogalafe, 4 pa Bible Knowledge, 5 pa Masamu ndi 7 pa Chingerezi. Maphunziro ake abwino 6 akupereka mapointi 19, m'mudzi monse mwamveka nthungululu, koma fomu yake siyenda chifukwa cha 7 uja. Mlangizi amene akudziwa zimenezi amayamba kukankha Chingerezi kuyambira Fomu 1: timagulu towerengera limodzi, mapepala a mayeso akale a MANEB, kulemba chimangirizo chimodzi pa sabata n'kupempha mphunzitsi achonge. Amene sakudziwa amangolimbikitsa ana kuti alimbikire, ndipo amalimbikiradi, koma pa maphunziro amene akuwakonda kale.

Msampha wachiwiri umatcheredwa kale kwambiri, polowa Fomu 3. Kozi iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunika. Udokotala ndi makozi ambiri a zaumoyo amafuna Bayoloje, Kemisitili, Fizikisi ndi Masamu. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Fizikisi zamphamvu. Ma CDSS ambiri alibe labu, ena alibe mphunzitsi wa Fizikisi woiphunzira, ndiye ana amathawa maphunzirowa, pena mouzidwa ndi akulu kuti asaononge mapointi. Mtsikana amene wakhala akunena kuti adzakhala namwino amadzazindikira atalemba kale mayeso kuti anadzitsekera yekha zaka ziwiri zapitazo. Buku la mlangizi limamuphunzitsa kukhala ndi cholinga, ndipo n'zabwino, koma silimuuza kuti cholinga chakecho chikufuna phunziro liti. Choyenera n'choti JCE ikangotha, mlangizi ndi Teacher Mentor apeze chilengezo cha NCHE cha chaka chatha, chimene chimandandalika makozi ndi zofunika zake, achisindikize, achimate pa bolodi, n'kukhala pansi ndi ana asanasankhe maphunziro. Ndi mapepala ochepa chabe, koma pa sukulu zambiri zakumudzi palibe anawaonapo.

Pofika nthawi yodzaza fomu, ana amakhala atabalalika. Zotsatira zimatuluka patapita miyezi chilembere mayeso, chilengezo cha NCHE chimabwera pambuyo pake m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo chili ndi tsiku lotsekera. Mwana amene ali ku munda kwa agogo, wopanda foni, amadzamva zitatha. Mlangizi wabwino amalemba nambala ziwiri za mwana aliyense wa Fomu 4 asanachoke pa sukulu, yake ndi ya wachibale amene sasinthasintha simu. Amaonanso kuti dzina la pa kalembera wa MANEB likufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa chiphaso cha unzika, chimene NRB imapereka kuyambira zaka 16. Kumudzi n'zofala kuti mwana alembetse sukulu ndi dzina la agogo kapena la bambo omupeza, chiphaso n'kutenga dzina lina, ndipo kusiyana kumeneku kumadzamugwira pa fomu, ku banki ndi pofunsira ngongole ya ku yunivesite, nthawi yokonza itatha. Ngongole ya kusukulu nayo ithetsedwe msanga, chifukwa mwana amene akuopa kukaonekera ku ofesi ya ahedi satenga pepala lake la zotsatira. Risiti ya malipiro a fomu ijambulidwe pa foni tsiku lomwelo. Ngati akudzaza pa intaneti, mawu achinsinsi alembedwe m'kope, asasiyidwe m'mutu mwa mnyamata wa pa kafe amene wamuthandiza.

Posankha makozi ndi pamene mtima umapweteka kwambiri. Ana akumudzi amadziwa ntchito zochepa: dokotala, loya, namwino, mphunzitsi. Amadzaza mipata yonse ndi makozi amene dziko lonse likulimbirana, ndiye wa mapointi abwino ndithu amatsala, pamene akanalowa kozi ya uphunzitsi wa sayansi, ya ulimi wa nsomba, ya zankhalango kapena ya kasamalidwe ka madzi. Nzeru yake ndi kuika loto pamwamba, kenaka makozi amene maphunziro ake ofunika ndi omwe mwanayo wakhoza bwino koposa, ndipo m'mayunivesite osiyana. Apa mlangizi amene iye mwini sanapiteko ku yunivesite amasowa pogwira, ndipo si mlandu wake. Munthu sangalongosole kozi imene sanaimvepo. CAMA ili ndi mamembala amene anafika ku koleji, ena mpaka ku EARTH University ku Costa Rica kukaphunzira zaulimi. Mmodzi wotere atabwera pa sukulu kamodzi pa teremu, kapena kungoyankhula pa foni ya mlangizi ana atazungulira, phindu lake lingapose maphunziro angapo a m'buku.

Yunivesite si khomo lokhalo, ndipo malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi amene amakwanitsa makirediti. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa kusekondale, ma TTC a uphunzitsi wa kupulayimale, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a zaumoyo a mipingo (CHAM), makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia kudzera ku TEVETA, komanso maphunziro a patali a MZUNI ndi LUANAR. Ambiri mwa amenewa amalengeza paokha, nthawi zosiyana. Mlangizi akhale ndi tsamba limodzi m'kope lolembapo mwezi umene aliyense analengeza chaka chatha.

Dzina likatuluka, anthu amayesa nkhondo yatha. Pakati pa mayeso ndi tsiku lotsegulira yunivesite pamadutsa miyezi yambiri, pena kuposa chaka, ndipo nthawi imeneyi ndi imene mtsikana wopanda chochita amafunsiridwa banja. CAMFED inaliona vutoli, n'chifukwa chake ili ndi alangizi ena, ma Transition Guide, amene amasonkhanitsa omaliza sukulu n'kumawaphunzitsa za ndalama, bizinesi, uchembere wabwino ndi njira zopitirizira maphunziro. Gawo limeneli ndi lofunika kuposa mmene anthu amalitamandira, ndipo ndi limene likuyenera kunyamula zonse tafotokoza pamwambazi. Bungweli limathandizanso ena mwa mamembala ake ku koleji, koma si onse, choncho banja lisagone poyembekezera.

Kwa ambiri chotsala ndi ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ndi ngongole, idzabwezedwa, ndipo makolo auzidwe zimenezi momveka. Imafunsiridwa payokha, kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti yapezeka, ndipo wophunzira amafunika chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki ya dzina lake. Asawerengere kuti ndalama adzazipeza tsiku lofika. Malo ogona a pa sukulu sakwanira onse, moti ambiri amachita lendi, a ku Zomba ku Chikanda, a ku MZUNI ku Luwinga, a ku MUST cha ku Goliati. Mwana wochokera kumudzi afunika thiransipoti, lendi ya mwezi woyamba, matiresi, mbaula kapena kahotipuleti, ndi ufa woti adye masabata oyamba. Banja likadziwa zimenezi miyezi isanu isanakwane, limasunga thumba la chimanga, limagulitsa mbuzi pa mtengo wabwino, mayi amakwezako masheya ku banki mkhonde. Likadziwa kwatsala sabata, limagwa m'manja mwa akatapila kapena mwana amangokhala. Ana ena amene mayina awo anatuluka m'nyuzipepala sanafikeko ku sukulu chifukwa cha ndalama yosafika mtengo wa mbuzi ziwiri.

Pa za kutenga mbali pa zochitika za m'dera, CAMA imachita chinthu chimene mabungwe ambiri amangochilemba m'malipoti. Mamembala amasankhana okha m'maudindo kuyambira kudera mpaka dziko lonse, amaphunzira kuitanitsa msonkhano, kulemba zokambirana ndi kusunga kaundula wa ndalama, ndipo ena amakhala m'komiti ya paboma moyandikana ndi akuluakulu a maofesi. Amasonkhanso za m'thumba mwawo kugulira ana ena makope ndi sopo, potsata muja akuluakulu ananenera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana amene wayendera makomo, wayankhula pa bwalo la amfumu n'kubweza mwana ku sukulu, anthu amayamba kumuitana pakagwa nkhani. Ulemu umenewu sugulidwa, ndipo ndi mphotho yeniyeni ya ntchitoyi.

Komabe utsogoleri wake nthawi zambiri umathera pa kuteteza ana ndi kuthandiza ovutika. Sufika kumene ndalama za boma zimagawidwira. Chitukuko cha m'dera chimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ya m'dera la mfumu yaikulu (ADC), kukafika ku khonsolo, ndipo kuli thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) komanso basale za kukhonsolo zimene ana ambiri osauka sadziwa kuti zimafunsiridwa bwanji. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mlangizi amene amadziwa ana onse osiya sukulu m'midzi khumi ali ndi umboni umene khansala alibe. Atapita nawo ku ADC n'kupempha kuti nkhani ya labu kapena hositelo ya atsikana ilowe m'mapulani a dera, kumeneko si kulowa ndale za chipani, ndi ntchito ya nzika. Chimodzimodzi kukumbutsa a Fomu 4 amene akwanitsa zaka 18 kuti chiphaso chomwe chija cha ku banki ndi chimene amalembetsera mavoti. Alangizi ena amachita zimenezi mwa nzeru zawo. Tikanakonda zikanakhala mbali ya maphunziro a aliyense, ndi tsiku lenileni lokaonerera msonkhano wa ADC asanayambe ntchito.

Kwa ahedi amene sukulu yawo ili pa mndandanda wa bungweli, mlangizi mulandireni ndi manja awiri, koma musamusandutse mphunzitsi wogwirizira kalasi imene mwini wake wajomba, kapena womutuma ku golosale. Mupatseni nthawi yake, kabati yosungiramo mabuku, ndi mwayi woona kaundula Lolemba lililonse. Kwa mtsikana amene akuganiza zodzipereka, ntchitoyi ndi yoyenera ngati akukhala pafupi ndi sukulu moti n'kuyenda wapansi, ngati ali ndi kena kake kopezera sopo, ndiponso ngati kwawo avomereza, chifukwa masiku ena adzabwera mochedwa kuchokera ku makomo a eni. Ngati iye mwini anatsala ndi kirediti imodzi kapena ziwiri, asaimike zolembanso mayeso chifukwa cha ntchitoyi. Alembetse ngati woyendera pa nthawi ya kalembera wa MANEB, aziwerenga limodzi ndi timagulu take tomwe tija. Kwa kholo, funso loti mukamufunse mlangizi mwana akamalowa Fomu 3 ndi ili: pa ntchito imene mwanayu akuifuna, atenge maphunziro ati, ndipo pa sukulu pano alipo owaphunzitsa? Akapanda kuyankha tsiku lomwelo, mupempheni akafunse kwa Teacher Mentor, mubwerenso sabata yotsatira mayina a maphunziro asanatumizidwe.